Madzi Otayika ndi Mlandu Wosawola

Mwambi woti madzi akatayika sawoleka umanenedwa pamene chinthu chalakwika kale ndipo palibe chimene munthu angachite kuti achibweze, monga mawu achipongwe amene atuluka m'kamwa pagulu, kapena chimanga chimene chapserera chifukwa chothira feteleza mvula itadula. Nzeru ya mwambiwu ndi yokhazika mtima pansi, pakuti imalangiza wolirayo kuti aleke kukanda dothi lonyowa, anyamule mtsuko wake abwerere kuchitsime. Komabe pali anthu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku yatsamira pa chiyembekezo chotsutsana ndi mwambiwu, ndiwo olemba mapulogalamu a pakompyuta, amene kwa zaka zoposa 50 akhala akusula zida zoti madzi awo akatayika aziwoleka. Zidazi m'Chingerezi zimatchedwa version control, kutanthauza njira yosungira mbiri ya kusintha kulikonse kumene kwachitika pa zolembedwa, kuti zidziwike kuti wasintha ndani, wasintha chiyani ndiponso liti, komanso kuti zinthu zikaipa munthu athe kubwerera pamene zinali bwino. M'Chichewa mneni woti kuwola ali ndi matanthauzo awiri, lina la kusonkhanitsa zimene zamwazika pansi, lina la kuvunda, ndipo tanthauzo lachiwirili ndi limene lili m'mwambi wina woti mlandu suwola. Zokhumudwitsa zambiri za ntchito imeneyi zili pakati pa miyambi iwiriyi, chifukwa chida chimene chimathandiza munthu kuwola zotayika chimatero poonetsetsa kuti palibe chimene chikuwola, kuphatikizapo zolakwa za mwini wakeyo.

Pulogalamu ya pakompyuta ndi malemba chabe, mizere masauzande kapena mamiliyoni ya malangizo amene makina amatsata mosaphonya ndiponso mosaganiza, kotero kuti chilembo chimodzi chikasokonekera, ntchito yonse ikhoza kuima. Malemba amenewa, amene eni ntchito amawatcha khodi, sagona tsiku osasinthidwa, ndipo owasinthawo amakhala ambiri. Aliyense amene analembapo lipoti pakompyuta amaidziwa njira yachikale yodzitetezera, yosunga fayilo imodzimodziyo m'maina angapo, lina lomaliza, lina lomaliza lachiwiri, lina lomaliza lenileni, mpaka mwini wake yemwe osadziwanso kuti lopita kwa abwana ndi liti. Pofuna kuthetsa chisokonezo chotere, Marc Rochkind anapanga chida chotchedwa SCCS ku Bell Labs m'chaka cha 1972, ndipo Walter Tichy wa ku yunivesite ya Purdue anatulutsa RCS mu 1982. Zida zoyambirirazi zinkayenda ngati khasu limodzi pamudzi, chifukwa wofuna kusintha fayilo ankayamba waitseka kuti wina asaigwire, ndipo akaiwala kutsekula n'kupita kutchuthi, anzake ankangopinda manja kumudikira. Pambuyo pake kunabwera CVS, kenako Subversion mu 2000, zimene zinalola anthu ambiri kugwira fayilo imodzi nthawi imodzi, ngakhale kuti mbiri yonse inkakhalabe pa kompyuta imodzi yaikulu yotumikira onse, imene imatchedwa seva.

Chida chimene chafala kwambiri masiku ano ndi Git, chimene Linus Torvalds analemba mu Epulo 2005, pamene iye ndi anzake okonza Linux analandidwa mwayi wogwiritsa ntchito chida cha BitKeeper kwaulere. Mu Git, aliyense amakhala ndi mbiri yonse pa kompyuta yake, m'malo otchedwa repository, amene angafanizidwe ndi nkhokwe. Munthu akafika pamene akuona kuti ntchito yake yaima bwino, amapanga commit, ndiko kujambula mmene mafayilo onse alili panthawiyo n'kusunga chithunzicho m'nkhokwe pamodzi ndi dzina lake, nthawi ndi uthenga wachidule wofotokoza zimene wachita. Commit iliyonse imalandira chizindikiro cha zilembo ndi manambala 40, chimene chimawerengeredwa kuchokera ku zimene zili m'kati mwake ndi ku chizindikiro cha commit imene inaitsogolera, motero mbiri yonse imalukana ngati mphasa, yoti sungasolole bango limodzi pakati popanda kusokoneza onse otsatira. Wofuna kuyesa zatsopano popanda kudetsa ntchito ya anzake amatsegula nthambi yake, ndipo akamaliza amaiphatikiza ndi nthambi yaikulu, kuphatikiza kumene kumatchedwa merge. Kutumiza zonsezi ku seva ya gulu, monga ya GitHub imene inayamba mu 2008, ndi kumene anthu a ntchitoyi amangoti kupusha, kutanthauza kukankha. Popeza mbiri imakhala pa kompyuta ya mwini, wolemba mapulogalamu wa ku Lilongwe kapena ku Chipata angathe kupitiriza kusunga ntchito yake intaneti itadula kapena bandulo itatha, n'kudzapusha zinthu zikabwerera m'chimake.

Tsoka loyamba, limenenso limagwera anthu ambiri, ndi la ntchito imene sinalowe m'nkhokwe. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo palibe mwambi umene ungafotokoze bwino kusiyana kwa khodi yosungidwa ndi yosasungidwa kuposa umenewu. Wolemba mapulogalamu amene wakhala masiku atatu akusintha mafayilo khumi popanda kupanga commit ngakhale imodzi, pofuna kutaya kanthu kamodzi kamene wayesa ndipo sikanayende, akhoza kulemba lamulo loti git reset --hard, limene limabweza zonse kuti zifanane ndi commit yomaliza. Makinawo samufunsa ngati watsimikiza, sachenjezanso. Amangoyankha ndi mzere umodzi wonena pamene mbiri yaima tsopano, ndipo munthuyo akatsegula fayilo yoyamba, kenako yachiwiri, amapeza zonse zili mmene zinalili Lolemba m'mawa. Chodabwitsa n'chakuti akanakhala kuti anapanga commit, ngakhale yosalongosoka, madzi akewo akanawoleka, chifukwa Git imasunga kaundula wina wamseri wotchedwa reflog, amene amalemba paliponse pamene munthu wapondapo, ndipo mwachizolowezi amasunga zolembazo masiku 90, kapena masiku 30 ngati commit yake yaduka ku nthambi zonse. N'chifukwa chake odziwa ntchito amalangiza kusunga pafupipafupi, podziwa kuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma ambiri amazengereza, ndipo kawirikawiri chimene chimawagwira dzanja ndi manyazi oti anzawo angaone ntchito yosatha.

Tsoka lachiwiri limabwera pophatikiza nthambi. Anthu awiri akasintha malo osiyana a fayilo imodzi, Git imalumikiza yokha popanda vuto, koma akasintha mizere imodzimodziyo, imaima n'kulengeza kuti pali mkangano, pakuti mphuno imodzi silowa zala ziwiri. Ikatero imalemba zonse ziwiri m'fayilomo, za mwini kompyuta pamwamba ndi za mnzake pansi, n'kuzilekanitsa ndi mzere wa zizindikiro zisanu ndi ziwiri za kufanana, ndipo kumtunda ndi kumunsi imaika timivi tisanu ndi tiwiri toloza kumanzere ndi kumanja, ngati zikhomo za m'malire a munda wokanganirana. Chidacho sichigamula mlanduwo, chimangobweretsa mbali zonse ziwiri pabwalo, ndipo wogamula amakhala munthu amene ali mbali imodzi ya mlandu womwewo. Apa ndi pamene wotopa, amene akuona kuti dzuwa lapendeka ndipo minibasi zitha, amasankha zake zonse n'kutaya za mnzake osaziwerenga, ndipo pakapita milungu itatu vuto limene mnzakeyo anakonza kale limatulukiranso ngati udzu wa m'munda wopalira mothamanga. Mkangano umakula molingana ndi nthawi imene nthambi yakhala payokha, moti nthambi ya miyezi iwiri ikhoza kudya masiku angapo poiphatikiza. Nthawi zina mkanganowo umakhala wa chinthu chosaoneka ndi maso, monga chizindikiro cha kumapeto kwa mzere, chimene Windows imalemba ndi zilembo ziwiri zobisika pamene Linux imalemba ndi chimodzi, kotero kuti fayilo yonse imaoneka ngati yasinthidwa chikhalirecho palibe liwu limene lakhudzidwa. Woopsa kuposa yonse ndi mkangano umene chidacho sichiuona n'komwe, pamene mmodzi wasintha dzina la kachigawo ka pulogalamu ndipo wina, m'fayilo ina, akuitanabe kachigawoko ndi dzina lakale. Kuphatikiza kumayenda bwinobwino, koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tsoka lachitatu ndi la kulembanso mbiri. Git imalola munthu kukonza ma commit ake akale, kuwaphatikiza kapena kuwasanjanso kuti mbiri ioneke yaudongo, ndipo palibe choipa malinga ngati zonsezo zikadali pa kompyuta yake. Koma akafuna kupusha mbiri yokonzedwayo ku seva kumene anzake aikako kale zawo, sevayo imakana, chifukwa mphasa ziwirizo sizilukananso. Pamenepo pali liwu limodzi, force, limene munthu akaliwonjezera ku lamulo lake sevayo imamvera, n'kuika mbiri yake m'malo mwa ya gulu lonse. Ambiri amalipeza liwuli pa intaneti, pamene akufufuza mothamanga njira yothetsera uthenga wa kukana umene sakuumvetsa, ndipo amalikopera osafunsa mnzawo wokhala pampando woyandikana nawo, kuiwala kuti safunsa anadya phula. Mu Novembala 2013, mmodzi mwa okonza pulogalamu ya Jenkins anakankhira mwangozi mbiri yakale ku nkhokwe zoposa 150 za gululo pa GitHub, ndipo ntchito ya anthu ambiri inazimirira pamaso. Zinabwezeretsedwa chifukwa chakuti ma commit otayikawo anali asanafafanizidwe pa seva ndiponso anali pa makompyuta a anthu ena, umene ndi umboni wakuti mutu umodzi susenza denga ngakhale pa nkhani ya kukumbukira. Lero magulu ambiri amatchinga nthambi yaikulu kuti isalandire kukankha kotere, ndipo pali lamulo lina lofatsa, force-with-lease, limene limayamba laona ngati wina waikako zatsopano lisanagwetse chilichonse.

M'matsoka atatuwa madzi amatha kuwoleka, malinga ngati anayamba alowa mumtsuko. Koma pali tsoka lina limene mwambi wa makolo umagwira ntchito monga mmene unanenedwera, ndilo la chinsinsi chopushidwa. Mapulogalamu ambiri amafuna pasiwedi kapena kiyi yolowera ku seva kumene kumasungidwa za makasitomala, ndipo wolemba wothamanga amailemba m'khodi momwemo kuti ayese msanga, akumati adzaichotsa pambuyo pake, kenako n'kuiwala n'kupusha. Akazindikira, amafufuta mzerewo n'kupanga commit ina, n'kupuma poganiza kuti wabisa. Koma chida chimene anachikhulupirira kuti sichitaya kanthu sichitayadi kanthu, ndipo kiyi ija ikadali mu commit yapitayo, pamene aliyense wotsegula mbiri angaione. Pa nkhokwe zoonekera kwa onse pali mapulogalamu a akuba amene ntchito yawo ndi kusanthula usana ndi usiku zimene zangopushidwa kumene, kufunafuna makiyi otere. Ngakhale nkhokwe yotsekedwa si chitetezo chokwanira, monga inaonera kampani ya Uber, yolumikiza anthu apaulendo ndi oyendetsa magalimoto, mu 2016, pamene akuba analowa m'nkhokwe yake ya pa GitHub, n'kupezamo makiyi amene anawatsegulira za anthu okwana 57 miliyoni, okwera ndi oyendetsa omwe. Mankhwala a tsoka limeneli ndi amodzi okha, kuthetsa kiyi yakaleyo n'kupanga ina, monga mmene wotaya kiyi ya nyumba pamsika amasinthira loko m'malo moyendayenda kufunsa amene waitola. Apa malangizo a mwambi ndi a katswiri amakumana: kuleka kukanda dothi, kubwerera kuchitsime.

Nacho chitsime chobwererako chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Pa 31 Januwale 2017, katswiri wina wa kampani ya GitLab, imene ntchito yake ndi kusungira anthu ena nkhokwe zawo, anali kukonza usiku vuto la seva ziwiri zosunga kaundula wa kampaniyo, ndipo pofuna kufufuta za pa seva yothandizira anafufuta za pa seva yaikulu. Anazindikira m'kamphindi kochepa n'kuimitsa lamulolo, koma mwa magigabaiti pafupifupi 300 panali patatsala 4.5 okha. Kampaniyo inali ndi njira zisanu zosungira makope, ndipo itazitembenukira inapeza kuti palibe imene inali yodalirika. Ina inali itasiya kugwira ntchito mwakachetechete, ndipo mauthenga ochenjeza za kulephera kwake sankafika kwa munthu aliyense. Chinawapulumutsa ndi kope limene linatengedwa pamanja maola 6 ngoziyo isanachitike, koma zonse za m'maola amenewo zinapita, kuphatikizapo mapulojekiti pafupifupi 5,000 ndi maakaunti atsopano pafupifupi 700, ngakhale kuti khodi ya m'nkhokwe za Git sinakhudzidwe. Zofanana ndi zimenezi zinaonekanso ku kampani yopanga mafilimu ya Pixar mu 1998, pamene lamulo lofufuta linasesa pafupifupi magawo 90 mwa 100 a filimu ya Toy Story 2 ndipo makope a kampani anapezeka osakwanira; filimuyo inatsala pa kompyuta ya kunyumba ya Galyn Susman, amene ankagwirira ntchito kwawo atangobereka mwana, ndipo kompyutayo inakulungidwa m'mabulangete n'kunyamulidwa pagalimoto ngati wodwala. Phunziro la nkhani ziwirizi ndi limodzi, lakuti kope limene palibe anayesapo kulibwezeretsa lili ngati nkhokwe yomata bwino imene mwini wake sanasuzumiremo chikololereni.

Mbiri yosawola ili ndi nkhope ina, imene imaoneka tsiku lililonse ngakhale popanda ngozi yaikulu. Mu Git muli lamulo lotchedwa blame, liwu limene m'Chingerezi limatanthauza kuloza chala, ndipo limaonetsa pambali pa mzere uliwonse dzina la amene anausintha komaliza ndi tsiku lake. Si zachilendo kuti munthu amene wakwiya ndi khodi yosamveka alembe lamuloli pofuna kudziwa wolakwa, n'kupeza dzina lake lomwe ndi deti la chaka chatha. Palinso lamulo la bisect, limene limadula mbiri pakati mobwerezabwereza pofunafuna pamene vuto linayambira, moti mwa ma commit 1,000 limafika pa wolakwayo pambuyo poyesa kakhumi kokha. Komabe kupeza commit sikutanthauza kumvetsa chifukwa chake. Makolo amalangiza woyenda kuti asiye phazi, asasiye mlomo, poopa kuti mawu osiyidwa m'mudzi wa eni amatsata mwini wake; koma pa ntchito iyi phazi limatsala lokha, ndipo chimene chimasowa ndi mlomo. Wofufuza amene wafika pa commit imene inasintha mafayilo 40, uthenga wake uli liwu limodzi loti zakonzedwa, amaona bwinobwino pamene mnzake anaponda, koma sadziwa chimene ankathawa kapena chimene ankatsata, ndipo mnzakeyo mwina anasiya ntchito kalekale. Chida chimasunga chimene chinachitika. Chifukwa chake chimasungidwa ndi munthu yekha, m'mizere iwiri kapena itatu imene ambiri amaiona ngati yotayitsa nthawi.

Chomwe chimagamula ngati madzi awoleke kapena ayi, pomaliza pake, ndi nthawi imene imadutsa pakati pa kulakwa ndi kuulula. Kaundula wa reflog ali ndi masiku ake owerengeka, makope a pa makompyuta a anzake a wolakwayo amasinthika iwo akangokoka zatsopano kuchokera ku seva, ndipo kiyi yotayika imakhala yoopsa kwambiri ola lililonse limene yakhala isanathetsedwe. Wantchito amene amaopa abwana ake amayamba wayesa kukonza yekha mwakachetechete, n'kuwonjezera lamulo lolakwika pamwamba pa linzake, mpaka chimene chikanabwezedwa m'mphindi zisanu chasanduka chosabwezeka. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. GitLab inasankha kulengeza ngozi yake poyera, n'kuonetsa pa YouTube ntchito yobwezeretsa ikuchitika, ndipo pambuyo pake inasindikiza lipoti lofotokoza mmene dongosolo lonse linalepherera. Uber inabisa kwa chaka chathunthu, n'kulipira akubawo madola 100,000 kuti akhale chete, ndipo mu 2018 inavomera kupereka madola 148 miliyoni kwa maboma a zigawo za dziko la America. Pofuna kupewa kubisa kotere, makampani ambiri a ntchitoyi ali ndi chizolowezi chokambirana ngozi popanda kuloza chala munthu, pofunsa kuti dongosolo linalola bwanji dzanja limodzi lotopa kugwetsa denga lonse, podziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Motero mwambi wa madzi otayika sunagonje, wangosuntha malire ake. Zimene zinalowa m'nkhokwe zimawoleka, zimene zinatsala pachala zimapita ndi mphepo, ndipo chinsinsi chimene chafika m'manja mwa ena sichibwereranso ngakhale mwini wake atafufuta kangati. Mtengo wa kuwola zotayika ndi kuvomera kukhala ndi mbiri imene siwola, yonyamula dzina la munthu pambali pa cholakwa chake chilichonse, ndipo mtengo umenewu umapiririka pokhapokha pamene gulu lagwirizana kuti mbiriyo ndi yophunzirira. Wolemba mapulogalamu amene amasunga pafupipafupi, amalemba chifukwa cha zimene wasintha, amafunsa asanakankhe ndipo amaulula msanga akalakwa, adzatayabe madzi monga anzake onse, koma ambiri mwa madziwo adzawawola tsiku lomwelo.